Funsani Ankolo: Kuyang'anira magalimoto a zinyalala, ndi ntchito yoti munthu n'kukwatirira?

Mwezi watha ndinangotchula modutsa kuti ine imvi zinandimerera m'garaja ya magalimoto otola zinyalala, osadziwa kuti ndaputa mavu, foni sinagone. Ndasankhapo makalata atatu, enanu mudikire kaye tsamba ndi lomweli silikula.

Ankolo,
Ndine mnyamata wa zaka 24 wa ku Chitakale konkuno ku Mulanje. MSCE ndinakhoza koma ku yunivesite sizinatheke nde zaka zitatu tsopano ndili pa garaja ina ngati sipanala boyi, laisensi ndili nayo ya B. Tsiku lina kunabwera lole ya zinyalala itaphulika paipi ya hayidiroliki, ndinathandiza nawo kumanga ndipo bambo amene anabwera nayo anandiuza kuti iwo ntchito yawo ndi kuyang'anira magalimoto ndi makina onse a kuntchito kwawo. Zinandigwira mtima kwabasi koma nditawauza amayi anangoti iwe sukulu yonse ija ukathere kudzala? Chibwenzi changa nacho chikuseka akuti ndizinunkha. Kodi ntchito imeneyi ili ndi tsogolo, ndipo munthu amayambira pati?
Wofuna kudziwa, Chitakale

Mphwanga, amayi uwauze asade nkhawa, kumtaya uzipitako ndithu koma sikuti uzigonako. Zachibwenzizo tisiye kaye, amene akuseka lero ndi yemweyo adzayambe kufunsa ngati malipiro alowa.

Ntchito imene anakuuza bambowo ili ndi mayina angapo kutengera kukula kwa malo, kwina amati transport officer, kwina foromani wa garaja, kumakampani akuluakulu amati fleet manager, koma mutu wake ndi umodzi, tsiku la msika likatha m'mawa mwake galimoto idzuke ikanyamule zinyalala, basi. Ikapanda kudzuka palibe amafunsa kuti chavuta n'chiyani, anthu amangoona mulu wa makoko a nanazi ndi a nthochi ukufufuma padzuwa ntchentche zili piringupiringu, amayi a tomato ayamba kukana kudula tikiti ya msika, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Kolera uja wa 2022 kulowa 2023 ndi amene anatsegula anthu ambiri m'maso kuti thirakitala ya zinyalala ndi chipatala n'zapachibale.

Mumzinda ngati Blantyre khonsolo ili ndi garaja yakeyake, ma kompakita (malole ofinya zinyalala) ndi malole onyamula ma skip (mabini akuluakulu achitsulo aja) opita kumtaya wa ku Mzedi. Kumakhonsolo a maboma ndi matauni aang'ono ngati kwathu kuno zida zimakhala zochepa, kawirikawiri thirakitala ndi ngolo yake mwina ndi ka lole kamodzi, nde munthu yemweyo amayang'aniranso magalimoto a maofesi ndi njinga zamoto. Usaderere, pamalo paang'ono ndi pamene umaphunzira zonse poti palibe wina womukankhira.

Tsono ndikuuze zimene sungazimve mu intaviyu. Galimoto ya zinyalala si lole wamba. Lole ya tiyi yochoka ku Mulanje kupita ku Limbe imayenda mtunda wautali pa tala injini ikupuma bwinobwino, pomwe ya zinyalala imayenda mamita 50 n'kuima, kuyenda kuima, tsiku lonse kilatchi ndi mabuleki zikulira, ndipo ikaima injini sizima chifukwa ndi imene ikupukusa pampu ya hayidiroliki kudzera pa PTO, chipangizo chotenga mphamvu ya injini n'kuipereka ku pampuyo. Ukamaipatsa sevisi potengera makilomita okha ngati minibasi uyipha, chifukwa mita ikuonetsa kuti yayenda pang'ono chonsecho injini yagwira maola ambirimbiri. Makina oterewa timawerengera maola, mathirakitala ambiri oyilo wa injini amasinthidwa pa maola 250, ena atsopano 500, buku lobwera ndi makinawo limanena ndipo bukulo uziliwerenga, osati lizingogona mu kabati ya bwana lidakali mu pulasitiki.

Kenako zinyalala zathuzi. Ma kompakita amapangidwa ndi anthu amene zinyalala zawo zimachuluka makatoni ndi zokutira zinthu, zopepuka zouma zofinyika. Zathu ndi zonyowa, makoko, masamba, zitsononkho, zolavula za nzimbe, kuphatikiza mchenga umene asesa pabwalo ndi phulusa la pa mbaula. Galimoto imaoneka ngati sinadzaze koma masipuling'i agona kale, mchengawo ukupala chitsulo ngati sandipepa, madzi akuda onunkha aja otsika m'zinyalala akudya pansi pa bodi mpaka kubooka ngati sefa. Phulusalo pena limabwera ndi khala lamoto mkati, ine ndinaonapo lole ikufuka utsi pakati pa msewu dalaivala akuzungulirazungulira kufuna ndowa, pomwe mankhwala ake n'kuthamangira pamtetete patali ndi nyumba n'kukhuthula zonse pansi. Nde lamulo langa linali lakuti galimoto isagone ndi zinyalala, itsukidwe madzulo aliwonse, girizi apopedwe paliponse pamene zitsulo zimakhulana. Anyamata ankandida nazo, kuseri ankanditcha Bambo Girizi kkk.

Ndisadzichemerere, inenso ndinaphapo makina. Ndili wamsinkhu wakowu, lole yathu yonyamula ma skip inasweka chitsekerero cha thanki ya hayidiroliki, tinangomangapo pulasitiki ndi mphira wa chubu n'kumati zili bho. Inali nthawi ya chiperoni, mawawa aja a masiku anayi osaona dzuwa, madzi ankalowa pang'onopang'ono. M'mawa wina ndikuyang'ana oyilo ndinapeza wasanduka ngati tiyi wamkaka, ndinadziwa ndithu kuti ndi madzi koma ndinati aaa iyende kaye sabata ino, watsopano tidzapempha mwezi ukatha. Lachinayi pampu inayamba kulira ngati kamwana ka mbuzi, Lachisanu inafa skip ili m'malere. Chitsekerero chija mtengo wake unali ngati wa nsima ya masana, pampu inachita kuchokera ku Johannesburg patatha miyezi itatu, ndipo m'miyezi itatuyo wina anabwereka batire, wina sitata, wina matayala awiri akumbuyo akuti tibweza mawa, pomwe pampu imafika lole inali pamiyala nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Ukazungulira kuseri kwa maofesi ambiri uwaona magalimoto oterowo udzu utamera m'munsi, ambiri sanafe ndi ngozi ayi, anadwala kanthu kakang'ono kenako anzawo anawadya.

Kuchokera tsiku limenelo ndinadziwa kuti pa ntchito imeneyi cholembera chimaposa sipanala. Galimoto iliyonse ikhale ndi log book yake, yatuluka nthawi yanji, ndi ndani, mita ili pati, yamwa malita angati, komanso job card ya chilichonse chimene chakonzedwa ngakhale babu. Tiyerekeze lole yako imayenda makilomita 3 pa lita imodzi, kuchoka pamsika kupita kumtaya n'kubwerera ndi makilomita 12, patsiku maulendo 4. Amenewo ndi makilomita 48, malita 16, uwonjezepo pang'ono a nthawi imene injini imalira itaima. Ukaona mwezi wonse ikumwa malita 30 patsiku pali ziwiri, kaya ma injector atopa kaya pali chigubu chikuyenda usiku. Wopanda buku sangadziwe, amangoti galimoto iyi ndi chidakwa.

Buku lomwelo ndi limene umakalimbana nalo ndi a zachuma. Kugula chinthu m'boma si ngati pa garaja yanuyo poti abwana amangopisa m'thumba n'kukutuma pa kabaza, uku umalemba pempho, makoteshoni atatu, komiti yogula zinthu ya IPDC ikhale pansi, LPO, chikalata choitanitsira katunduyo, ituluke, zonse motsata malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma, nde filter imene udzaifune mu Juni uyambe kuilirira mu Epulo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anzanga amene adakali pantchito ankati koteshoni imatha mphamvu isanasainidwe n'komwe. Ukapita chimanjamanja kukanena kuti tikufuna ndalama ya sevisi akuuza kuti kulibe, koma ukaika pa tebulo pepala loonetsa kuti thirakitala iyi yagona masiku 40 chaka chino chifukwa cha kachipangizo kotchipa ndipo tinabwereka lole ya munthu pa mtengo wakuti, amayamba kukanda m'mutu.

Poyambira pako ndi apa. Zaka zitatu za pa garajazo ndi chuma koma zilibe pepala, ndipo kukhonsolo popanda pepala ukhala sipanala boyi mpaka ndevu ziyere. Uzitchera khutu TEVETA ikamalengeza malo a maphunziro, ulembere za umakaniki wa magalimoto, ku Nasawa ku Zomba amaphunzitsa, ku Lilongwe Technical nakonso. Nthawi yathu tinkakwera ndi Trade Test, Grade 3, Grade 2 mpaka Grade 1, pano zili m'ma level koma makwerero ndi omwewo. Kafunsenso ku ofesi yawo za njira yoyesa anthu amene anaphunzirira luso pantchito ngati iweyo, ilipo. Pa umakanikiwo ukakamire zinthu zitatu, dizilo, hayidiroliki ndi magetsi a galimoto, chifukwa okonza Sienta ndi Probox adzaza kale tauni iliyonse koma womvetsa valavu ya hayidiroliki amachita kumutumira galimoto. Nthawi ya attachment usathamangire ku tauni, ma esiteti a tiyi atizungulirawa, Lujeri, Eastern Produce, Satemwa, Conforzi, ali ndi mathirakitala ndi magaraja, sukulu ili pakhomo.

Laisensi ya B ija uyikweze. C1 imakulola lole yopitirira makilogalamu 3,500 mpaka 16,000, C ndi zoposera apo, komanso PrDP ya katundu, chilolezo choyendetsa galimoto ngati ntchito, ku Road Traffic. Sikuti udzakhala dalaivala, koma foromani wosatha kuyendetsa lole madalaivala amamudyera masuku pamutu, akuuza kuti giya ikuvuta iwe n'kungovomera. Ntchito za m'makhonsolo zimalengezedwa poyera, zambiri kudzera ku Local Government Service Commission imene anthu amangoti LASCOM, wina akakuimbira kuti tumiza kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money ndikulowetse, ameneyo ndi wakuba, dula foni.

Za ndalama sindikunamiza, malipiro a kukhonsolo si onenepa ndipo kwina amachedwa poti amadalira zotolera m'misika ndi misonkho ina. Koma munthu amene wasunga kompakita yamoyo zaka zisanu m'zinyalala za kuno angathe kusunga chilichonse, makampani a misewu, a shuga ku Nchalo, a madzi, mabungwe, onsewo ali ndi magalimoto ofuna munthu wotero. Chinthu chimodzi chokha undilonjeze, usadzalowe pansi pa bodi yokwezedwa popanda chitsulo chochirikiza ngakhale kwa mphindi imodzi, ndipo paipi ya hayidiroliki ikamadontha usafufuze ndi dzanja, oyilo wake amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu, tenga katoni uyendetse m'mbali mwa paipiyo uone ponyowa. Amayi ako akufuna ubwere ndi zala zonse khumi.

Ankolo,
Ine ndine mtsikana wa ku Bvumbwe, ndili ndi dipuloma ya logistics koma sipanala sindinaigwirepo chibadwire. Ndinaona vakansi ya transport officer malo ena otola zinyalala koma achimwene anga akuti imeneyo ndi ntchito ya amuna, madalaivala sangandimvere, akuti ndingofuna za mu stores. Ndilembere kapena ndisiye?
Wokayika, Bvumbwe

Mwana wanga, lembera lero lomwe, achimwene akowo ukawapatse moni wanga. Theka la ntchito imeneyi ndi zimene unaphunzira kale, kukonza njira kuti lole isamadutse msewu umodzi kawiri ili yopanda kanthu, kudziwa kuti msika wakuti umagwa tsiku lakuti nde skip yopanda kanthu ifike dzulo lake osati mawa lake, kusunga masiku amene COF ndi inshuwalansi zikutha kuti galimoto isagwidwe pa rodibuloko itanyamula zonunkha, ndi kuwerengera kuti galimoto iliyonse ikudya ndalama zingati pa ulendo umodzi. Ukamatha Excel bwinobwino ndi kuwerenga lipoti ya tracker uli kale patsogolo pa amuna ambiri amene ndinagwira nawo.

Koma pa zoti madalaivala akuyesa, pamenepo achimwene sananame, amayesa aliyense, ine anandiyesa ndili ndi ndevu. Sabata yoyamba wina adzabwera nkhope ili gwa n'kunena kuti madam galimoto ikufunika kusintha radiator ya m'matayala, enawo ali kuseri kwa lole kudikira uvomere. Mankhwala ake ugule ovolosi ndi jombo, 6 koloko m'mawa uzikhala uli pa yadi kuzungulira nawo galimoto iliyonse isanatuluke, oyilo, madzi, matayala, magetsi, mabuleki, n'kugwada kuyang'ana pansi ngati usiku padontha kanthu, wakuda ndi wa injini, wonyezimira ngati uchi kawirikawiri ndi wa hayidiroliki. Chimene sukudziwa funsa makaniki wamkulu mwaulemu, safunsa anadya phula, ndipo madala a m'garaja amakonda kufunsidwa kuposa kugulilidwa fanta. Uzidziwanso maofesi ngati PVHES, ife akale timangoti PVHO, amene amayendera magalimoto a boma, chifukwa mapepala awo udzakumana nawo.

Ukakhazikika upitirize sukulu, ku MUBAS kumene kale tinkati Poly kuli maphunziro a procurement ndi logistics, palinso mapepala a CILT, bungwe la akatswiri a logistics ndi transport, amene a zamtengatenga amawalemekeza. Ndipo poti uli pa Bvumbwe pomwe masamba a kabichi amatayidwa milumilu, uyambe kuganiza izi, zambiri zimene lole imanyamula pamsika ngati umenewo ndi zoola, zikanapatulidwa pompo n'kupangidwa manyowa maulendo akanachepa, dizilo n'kutsala, alimi n'kugula. Ukadzanena zimenezo mu intaviyu ndi manambala ako, sadzafunsanso ngati unagwirapo sipanala.

Ankolo,
Ine ndine dalaivala, zaka 11 pa chiwongolero, kuntchito sinditchula. Amene amatiyang'anira amandiuza ndizilemba mu log book maulendo 5 pomwe ndayenda 3, mafuta otsalawo amapopa Loweruka n'kundipatsako ya sopo. Poyamba ndinkalandira koma pano mtima sukugona, ndamva kuti kubwera ma auditor. Ndikakana andichotsa pa lole n'kundiika pa benchi. Nditani?
Wosowa mtendere, Thyolo

Achimwene, mwachita bwino kulemba, koma ndikuuzani mosapsatira, siginecha imene ili mu log book ndi yanu osati yawo. Tsiku lovuta bwanayo adzangoti ine ndimapereka mafuta potengera zimene dalaivala walemba, ndipo pepala lidzamuvomereza. Auditor safuna kukuopsezani n'komwe, amangotenga mita ya galimoto n'kufananiza ndi maulendo amene munalemba, maulendo 5 a makilomita 12 ndi 60 pomwe mita yasuntha 36, masamu a sitandade 4. Ena amati tidula waya wa mita, ndiye mwawonjezera mlandu wachiwiri pa woyamba.

Ndimawamva anthu akamati mbuzi imadya pomwe aimangirira, koma apa amene akudya ndi wina, inu mwangogwira chingwe. Ndipo maulendo awiri osayendedwawo sanasowe, ali pamsika, ndi mulu uja akulumpha ana a sukulu.

Kuyambira mawa lembani zimene mwayenda basi, ya sopo ija musalandirenso. Simukuyenera kukangana nawo, ingonenani kuti bwana ndamva za ma auditor ine ndikuopa, mawu amenewo okha amaziziritsa anthu ambiri. Gulani kakope kanu ka m'thumba muzilemba mita ya m'mawa ndi ya madzulo ndi malita amene athira, muzijambulanso pa foni poti chithunzi chimasunga tsiku. Akakuikani pa benchi chifukwa chokana, pitani ndi kakopeko kwa a HR kapena kwa internal auditor, ngati muli mu yuniyoni mutengane ndi nthumwi yanu musapite nokha, ndipo ngati ndi mafuta a boma ACB ilipo, imalandira madandaulo otere. Za miyezi ya m'mbuyoyo muyambe mwakambirana ndi munthu wodziwa malamulo, a Legal Aid Bureau amathandiza amene alibe ndalama ya loya, chifukwa kudzinenera nokha musanagwidwe n'kosiyana ndi kudikira dzina lanu liwerengedwe mu lipoti. Mudzandilemberenso mundiuze kuti bwanayo anati chiyani mutamuuza kuti mukuopa.